Kodi mayankho a odwala khansa tingawatolere bwanji kuti akhaledi awo?

Namwino wa Kafukufuku, Chitawira

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwagwirapo ntchito ya kafukufuku wa zaumoyo. Ndine namwino, ndipo ndalowa m'gulu limene likukonzekera kafukufuku wa odwala khansa pachipatala china muno mu Blantyre, makamaka amayi a khansa ya khomo la chiberekero ndi odwala khansa ya kum'mero. Mbali imene andipatsa ndi yotolera zimene wodwala amanena yekha zokhudza thupi lake ndi moyo wake, monga ululu, mseru, kufooka, kusowa tulo, nkhawa, ndi ntchito zimene sakuthanso kugwira.

Akuluakulu a kafukufukuyu akuganiza zogwiritsa ntchito fomu yotchedwa EORTC QLQ-C30, ya mafunso 30, imene inakonzedwa kuti wodwala azidziyankhira yekha. Koma ambiri mwa odwala amene tidzawaone amachokera kutali, ku Chikwawa, ku Thyolo, ku Phalombe ndi ku Mwanza. Ena sadziwa kuwerenga, ena amafika atafooka moti ngakhale cholembera sangachigwire, ndipo pafupifupi aliyense amabwera ndi gadiyani amene amayankha wodwala asanatsegule pakamwa. Ngakhale wodwala akayankha yekha, kawirikawiri amangoti "ndili bwinoko" pamene nkhope ikunena zina.

Kodi ndikamuwerengera mafunso n'kumulembera, yankholo limawerengedwabe kuti ndi la wodwala? Nanga gadiyani ndimutani? Ndipo kodi n'zotheka kuwatsatira pafoni akabwerera kumudzi, popeza ambiri sangakwanitse kubwera kudzangoyankha mafunso?

Wosanthula Manambala, Mandala

Mayi namwino, funso lanu loyamba lili ndi yankho lomveka. Yankho limakhala la wodwala ngati palibe munthu wina amene walimasulira kapena kulikonza lisanalembedwe, kaya cholembera chagwiridwa ndi ndani. Choncho kumuwerengera n'kotheka, malinga muziwerenga funso monga linalembedwera, muzitchula mayankho onse amene ali pafomu nthawi iliyonse, ndipo muzilemba limene iye wasankha ngakhale inu mukuona kuti akuchepetsa vuto lake. Mukangomuthandiza ndi mawu akuti "ndiye kuti n'kwambiri eti?", yankholo lasanduka lanu. Pafomu iliyonse pakhalenso malo olembapo njira imene mwatolera, kaya wadzilembera, kaya mwamuwerengera, kaya munali pafoni, komanso ngati panali munthu wina pafupi, chifukwa anthu amabisa zambiri akamayankha pamaso pa mnzawo, ndipo ife osanthula timafuna kudziwa ngati kusiyana kumene tikukuona kwachokera m'thupi la wodwala kapena m'njira yofunsira.

Ndinenepo chifukwa chake ntchito yanuyi si yongowonjezera. Kaundula wa khansa amene ali ku Gulupu, Malawi National Cancer Registry, amatiuza kuti ndi anthu angati apezeka ndi khansa yanji, ndipo mafayilo a m'wodi amatiuza mankhwala amene alandira ndi zotsatira za magazi, koma palibe pamene pamalembedwa kuti mayi uja sathanso kupita kumjigo kapena kuti bambo uja tsopano akumeza phala lamadzimadzi lokha. Kafukufuku wa m'mayiko angapo waonetsa kuti madokotala akamalemba okha zovuta za mankhwala a khansa, amalemba zochepa kuposa zimene odwala amanena, makamaka pa zinthu zosaoneka ndi maso monga kutopa ndi mseru. N'chifukwa chake bungwe la National Cancer Institute la ku United States linakonza mafunso otchedwa PRO-CTCAE, okhudza zizindikiro 78, kuti wodwala azinena yekha. Ndiye pali kafukufuku wa Ethan Basch ndi anzake pachipatala cha Memorial Sloan Kettering ku New York, wa odwala 766 amene khansa yawo inali itafalikira. Gulu lina linkanena zizindikiro 12 kudzera pa kompyuta, ndipo chizindikiro chikakula anamwino ankalandira uthenga n'kuchitapo kanthu. Gulu lina linkalandira chithandizo cha masiku onse. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2017 zinaonetsa kuti a gulu loyamba anakhala ndi moyo miyezi pafupifupi 31, pamene a gulu lachiwiri anakhala miyezi 26. Taonani kuti phindu limenelo liyenera kuti linabwera chifukwa panali namwino wowerenga mayankho n'kuchitapo kanthu.

Koma chimene chimawononga kwambiri kafukufuku wamtunduwu ndi mafomu amene sabwera. Wodwala amene waphonya tsiku lake nthawi zambiri ndi amene wadwalika, kapena ndalama ya minibasi yamuthera, kapena wamwalira. Mukasanthula mafomu okhawo amene muli nawo, pa mwezi wachisanu ndi chimodzi mudzapeza kuti gulu lanu likuoneka lamphamvu kuposa pachiyambi, ndipo mudzalemba kuti chithandizo chawongolera moyo wa odwala, pamene zoona zake n'zakuti ofooka onse atuluka m'kawerengedwe. Zili ngati mphunzitsi amene wawerenga okhawo amene analemba mayeso n'kulengeza kuti kalasi yonse yakhoza. Chotero fomu iliyonse yosowa ikhale ndi chifukwa chake cholembedwa: wadwalika, wakana, sanapezeke, wasamuka, wamwalira, kapena ife ogwira ntchito tinaiwala. Chifukwa chomalizachi chimachitika kwambiri kuposa mmene timavomerezera, ndipo chiyenera kukhala pa mndandandawo.

Samalaninso ndi tsiku lofunsira. Mafunso ambiri a QLQ-C30 amafunsa za sabata imene yangothayi. Ngati wodwala amalandira kemo, mankhwala olimbana ndi khansa, pa masabata atatu alionse ndipo inu mumamufunsa pa tsiku limene wabwerera kudzalandira wina, sabata imene akuikumbukira ndi imene anali atayamba kupezako bwino, pamene masiku a kusanza ndi kufooka, amene amakhala oyambirira atangolandira mankhwala, adutsa osalembedwa. Apa ndi pamene foni ingakuthandizeni, mukamuimbira patatha sabata imodzi. Pa zolembera, mapulogalamu otolerera mayankho a ODK ndi REDCap onse amagwira ntchito pafoni kapena patabuleti ngakhale popanda netiweki, n'kudzatumiza pambuyo pake, koma mapepala osindikiza akhalepo nthawi zonse chifukwa cha magetsi athuwa.

Sisitala wa Chisamaliro, Bangwe

Mnzanga, zimene anena bambo a manambalawa n'zoona, koma ine ndiyambira pa wodwala amene wagona pabedi. Ndagwira ntchito ya chisamaliro chochepetsa ululu kwa zaka zambiri, ndipo ndikukuuzani kuti mafunso 30 ndi ambiri kwa munthu amene wadzuka usiku, wakwera kabaza ndi minibasi, wadikira pamzere, ndipo sanadye. Mukawonjezera mafunso a khomo la chiberekero, QLQ-CX24, kapena a kum'mero, QLQ-OES18, mwadutsa kapena mwayandikira mafunso 50. Mayankho a kumapeto amakhala a munthu amene akungofuna kuti mumusiye.

Onaninso fomu ya APCA African Palliative Outcome Scale, imene inakonzedwa kuno ku Africa ndi bungwe la African Palliative Care Association la ku Kampala pamodzi ndi anzawo. Ili ndi mafunso 10 okha, 7 a wodwala ndi 3 a wachibale womusamalira, imafunsa za masiku atatu apitawa, ndipo mayankho ake amayambira pa 0 kufika pa 5, moti wodwala angathe kuyankha ndi dzanja: pa funso ngati la ululu, nkhonya yofumbata kutanthauza kuti palibe vuto, zala zonse zisanu kutanthauza kuti lafika posapiririka. Sindikunena kuti ilowe m'malo mwa QLQ-C30, chifukwa siifunsa chizindikiro chilichonse pachokha, koma kwa odwala amene afooka kwambiri ndi bwino kukhala ndi mayankho 7 enieni kusiyana ndi 30 ongoyankhira kuti zithe. Ubwino wake wina ndi umene ukuyankha funso lanu la gadiyani. Gadiyani akadziwa kuti nayenso ali ndi mafunso ake, amavomera msanga kudikira panja pamene mukucheza ndi wodwala, ndipo samva ngati mwamuthamangitsa.

Za "ndili bwinoko" zija, musadabwe nazo. Wodwala amaopa kuti akadandaula adokotala aimitsa mankhwala amene wawadikira miyezi, kapena aoneka wosayamika, kapenanso mwana wake amene wakhala pambali ada nkhawa. Mumuuze poyamba penipeni kuti palibe yankho lolakwa ndipo kunena zoona sikungamulanditse chithandizo. Mufunseni asanaonane ndi dokotala komanso asanamve zotsatira za tsikulo, pamalo pamene mawu sakumveka kwa ena. Katani ya pakati pa mabedi imabisa thupi koma mawu amadutsa, ndipo mayi sanganene za kutaya magazi, za fungo, kapena za kukhala malo amodzi ndi mwamuna wake pamene wodi yonse ikumva, makamaka ngati wofunsayo ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wake.

Pali chinthu china chimene mafomu ochokera kunja sachiganizira kwenikweni. Odwala ena sanauzidwe momveka kuti matenda awo ndi khansa, mwina chifukwa achibale anapempha kuti asauzidwe, mwina chifukwa anauzidwa mwachidule pa tsiku la mantha ndipo sanamve. Fomu yanu ya chilolezo idzatchula khansa. Musalole kuti munthu amve dzina la matenda ake koyamba kuchokera papepala la kafukufuku. Fufuzani kaye kwa amene akumuthandiza kuti wauzidwa zotani.

Ndipo wodwala akakuonetsani zala zisanu pa funso la ululu, musangolemba 5 n'kupita pa funso lotsatira. Mofini wamadzi, mankhwala oletsa ululu waukulu, alipo m'zipatala za boma, ndipo ku Gulupu kuli kiliniki ya Tiyanjane ya akuluakulu ndi ya Umodzi ya ana, zimene ntchito yake ndi yomweyi. Dziwiranitu kumene mudzamutumize ndi amene adzamulandire.

Gadiyani Wakale, Chilomoni

Ine si wachipatala, koma ndinadwazika malemu mayi anga, ndipo analowa m'kafukufuku wina wa mafunso ngati amenewa. Ndikugwirizana ndi zoti wodwala aziyankha yekha, komabe ndikupempha kuti musamuone gadiyani ngati chopinga. Mayi anga ankauza anamwino kuti agona bwino, pamene ine ndinali nditachezera usiku wonse kuwasisita msana. Sankanama, ankaona kuti kudandaula pamaso pa mlendo n'kupanda ulemu. Ngati yankho lawo ndi limene likufunika pafomu, lilembeni, koma pakhale penapake pamene zimene ife taona zingalembedwenso.

Pa nkhani ya foni, kumbukirani kuti nambala imene wodwala amapereka nthawi zambiri si yake. Imakhala ya mwamuna wake, ya mwana wake amene ali m'tauni, kapena ya mnansi. Tsiku lina wofunsa anaimba pafoni ya mlamu wanga n'kudzitchula kuti akuchokera ku kafukufuku wa khansa, pamene kumudzi tinali tisanauze anthu, ndipo nkhani inafala tisanakonzeke. Mufunseni wodwala kuti muziimba nthawi yanji, pa nambala ya ndani, ndipo mukapeza munthu wina muzidzitchula bwanji.

Chinanso, funso la ndalama lisakhale limodzi lokha la kumapeto. Mankhwala tinkalandira aulere, koma ulendo, chakudya cha gadiyani, ndi munda umene sunalimidwe chaka chimenecho ndi zimene zinatigwetsa. Ndipo mpaka lero sitinamvepo kuti kafukufuku uja anapeza chiyani.

Mphunzitsi wa Zaumoyo, Mpemba

Zimene alemba a ku Chilomoni ziwerengedwe kawiri ndi gulu lanu lonse. Mawu a gadiyani angathe kutoleredwa, ndipo m'kafukufuku wa ana kapena wa odwala amene sangathe kulankhula ndi ofunika kwambiri, koma amalembedwa pafomu yakeyake n'kusanthulidwa padera. Cholakwika ndi kuwathira m'bokosi la wodwala pofuna kuti fomu ioneke yodzaza.

Ndiwonjezere za malamulo. Kafukufuku wanu sangayambe asanavomerezedwe ndi komiti yoona za ufulu wa olowa m'kafukufuku, imene kwa ogwira ntchito ndi Kamuzu University of Health Sciences ndi komiti ya yunivesiteyo, imene yakhala ikudziwika kuti COMREC, ndipo kwa ena ambiri ndi National Health Sciences Research Committee. Zonse zimene zakambidwa pamwambapa, kuwerengera wodwala, kuimba foni, kufunsa gadiyani, ndi kutumiza wa ululu waukulu kwa dokotala, ziyenera kulembedwa m'ndondomeko imene mukupereka kukomitiyo, chifukwa njira imene sinavomerezedwe simungaiyambe pakati pa ulendo popanda kupemphanso. Wodwala wosadziwa kuwerenga amawerengeredwa fomu ya chilolezo pamaso pa mboni yosakhala ya m'gulu la kafukufuku, ndipo amadinda chala pamene mboniyo imasainira. Ndikadakonda kuti wopempha chilolezo asakhale namwino yemweyo amene amamuika diripi, popeza n'kovuta kukana munthu amene wagwira mankhwala ako.

Pa mfundo ya asisitala yoti muzichitapo kanthu pa yankho loopsa, ndikuvomereza, koma pali mbali imene iyenera kulongosoledwa. Ngati mwalonjeza wodwala kuti mayankho ake ndi achinsinsi ndipo adokotala sadzawaona, simungawatengere kwa adokotala popanda kuphwanya lonjezo. Choncho fomu ya chilolezo inene poyera kuti pa zinthu zina, monga ululu wosapiririka, kulephera kumeza ngakhale madzi, kutaya magazi kwambiri, kapena maganizo ofuna kudzipha, mudzadziwitsa omuthandiza. Dzina ndi nambala ya foni zisungidwe padera ndi mayankho, zilumikizidwe ndi nambala ya kafukufuku yokha, ndipo musatumizirane zithunzi za mafomu pa WhatsApp ngakhale kukhale kofulumira chotani. Dziko lathu tsopano lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, ndipo nkhani za umoyo wa munthu zili m'gulu la zofunika kutetezedwa mwapadera.

Dandaulo loti zotsatira sizibwerera kwa eni ake ndi lakale, ndipo mankhwala ake ndi kuika mu bajeti, kuyambira pachiyambi, msonkhano wofotokozera odwala ndi magadiyani m'Chichewa zimene zapezeka. Chimene sichili mu bajeti sichichitika.

Namwino wa Kafukufuku, Chitawira

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu a ku Chilomoni. Za mmene tizidzitchulira pafoni ndazilemba kale kuti zilowe pafomu yolembera odwala. Ndatsala ndi funso limodzi kwa bambo a manambala. Funso loyamba la QLQ-C30 limapereka chitsanzo cha kunyamula chikwama cholemera cha kogula zinthu kapena sutikesi, ndipo lina limafunsa za kuika maganizo pa zinthu monga kuwerenga nyuzipepala kapena kuonera wailesi yakanema. Kwa agogo a ku Phalombe, kodi ndingasinthe n'kunena za kusenza ndowa ya madzi kapena kumvera wailesi?

Wosanthula Manambala, Mandala

Maganizo anuwo ndi abwino, koma musasinthe nokha pamene mukufunsa. Inu mukanena ndowa ya malita 20, mnzanu wa mawa akanena thumba la chimanga, wina n'kusiya sutikesi momwemo, ndiye kuti odwala atatu ayankha mafunso atatu osiyana, ndipo manambala awo sangaphatikizidwe. Fomuyi mwini wake ndi bungwe la EORTC la ku Brussels, limene lili ndi njira yake yomasulira: anthu awiri amamasulira aliyense payekha, zomasulirazo zimagwirizanitsidwa, ena amazibwezera m'Chingerezi kuti zioneke ngati tanthauzo lasungika, kenako fomuyo imayesedwa pa kagulu ka odwala amene amafunsidwa funso limene lawavuta, lawasokoneza kapena lawakhumudwitsa. Kusintha chitsanzo kumachitikira pamenepo, mogwirizana ndi eni ake, ndipo kukavomerezedwa aliyense amawerenga chimodzimodzi. Yambani mwawalembera kuwafunsa ngati ali kale ndi Chichewa chovomerezeka cha fomu iliyonse imene mukufuna, musanayambe kumasulira zanu.

Ntchito yotereyi inachitikapo kuno. Fomu ya EQ-5D, ya mafunso asanu okhudza kuyenda, kudzisamalira, ntchito za tsiku ndi tsiku, ululu ndi nkhawa, ili ndi Chichewa chake chimene chinayesedwa pa odwala ovulala mafupa ku Gulupu, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu Malawi Medical Journal mu 2017. Ku Lilongwe nakonso mafunso otchedwa PROMIS, ofunsa ana za umoyo wawo, anamasuliridwa n'kuyesedwa pa ana odwala khansa ya lymphoma. Amene anachita zimenezi angakuuzeni kumene anapunthwa.

Mukamaphunzitsa ofunsa anu, muwauzenso mmene mayankho amawerengedwera, kuti adziwe kulemera kwa bokosi losiyidwa. Mu QLQ-C30 mayankho amasinthidwa kukhala manambala a pakati pa 0 ndi 100, ndipo nambala yaikulu pa gawo la zimene munthu akutha kuchita ndi yabwino, pamene pa gawo la zizindikiro ndi yoipa. Gawo la mafunso angapo lingawerengedwebe ngati theka la mafunso ake layankhidwa, koma zinthu monga kusowa tulo, kudzimbidwa ndi mavuto a ndalama zili ndi funso limodzi limodzi, moti likadumphidwa palibe chobwezeretsa. Choncho wofunsa ayang'ane fomu yonse wodwala asanachoke, ndipo akapeza bokosi lopanda kanthu afunse kamodzi ngati wodwala anadumpha mwangozi kapena sakufuna kuyankha. Akati sakufuna, alembe kuti wakana, ndipo bokosilo alisiye momwemo.